Tiramu ikuchedweranji m'gemu yanga ya Chipata

Amene mwakhala mukusewera kagemu kanga komanga mzinda mwandifunsa mokwanira. Ena pa WhatsApp, ena tikakumana ku Down Shops, funso lake ndi limodzimodzi: mabasi alimo, akabaza alimo, nanga tiramu munalonjeza ija ili kuti? Wina anachita kundiuza kuti, "Akulu, si kungotenga basi n'kuiika panjanji?" Zikanakhala choncho bwenzi mukusewera kale. Njanji ziwiri zokhazi zandigwedezera pafupifupi code yonse ya misewu (malangizo olembedwa omwe kompyuta imatsatira), ndiye ndati ndifotokoze pamene ntchito yafika.

Kwa amene mwangofika kumene, gemu ndikunenayi ndimaipanga ndekha madzulo ndikaweruka, pa laputopu yakale, pogwiritsa ntchito pulogalamu yopangira magemu ya Godot 4 chifukwa ndi yaulere ndipo kuitsitsa sikudya bandulo. Mapu ake ndi Chipata yathu yomweyi: phiri la Kanjala, Kapata, Mchini, Nabvutika, msewu wopita ku Mwami. Wosewera amalambula misewu, kugawa mapuloti, kukoka madzi ndi magetsi, kenaka n'kumaonerera anthu akupita kuntchito. Tiramu ndi kasitima ka magetsi koyenda pa njanji zokwiriridwa mumsewu womwewo wa magalimoto. Kuno kulibe, ndipo sindikuona ikubwera posachedwa. Njanji yomwe tili nayo ndi ija yochokera ku Mchinji, inatsegulidwa mu 2010. Koma gemu ndi gemu, ndipo ku Africa kuno tiramu si yachilendo: ku Johannesburg inkayenda mpaka 1961, ndipo Addis Ababa inatsegula njanji yake yamumzinda mu 2015. Njanji za m'gemu yanga ndazitalikitsa mamilimita 1,067 monga za Zambia ndi Malawi, osati 1,435 wa matiramu ambiri akunja. Palibe wosewera amene adzazindikire zimenezo, koma ine zimandisangalatsa.

Chonditonthoza n'chakuti nawonso akuluakulu anafika nayo mochedwa. Colossal Order, kampani ya ku Tampere m'dziko la Finland, inali itapanga kale Cities in Motion mu 2011, gemu ya zamayendedwe yokhala ndi matiramu. Komabe gemu yawo yomanga mzinda ya Cities: Skylines itatuluka mu Malichi 2015 munali mabasi, sitima ndi sitima zapansi panthaka, tiramu munalibe. Inabwera mu Febuluwale 2016 m'chigawo chowonjezera cha Snowfall, chogula pachokha, ndipo inabwera ndi misewu yakeyake: ukafuna tiramu umasintha msewu wonse kukhala mtundu wina wokhala ndi njanji. Zoti njanji uzingoziwonjezera pamsewu womwe ulipo kale zinadzabwera mu Cities: Skylines II ya 2023. Choseketsa n'chakuti nthawi imene ankapanga Snowfall, mzinda wawo wa Tampere unalibe tiramu. Yawo inatsegulidwa mwalamulo mu Ogasiti 2021. Gemu ya kampani ina, SimCity 4 ya 2003, ndiye inalibiretu. Osewera okha, kudzera mu mod (chowonjezera chopangidwa ndi osewera) yotchedwa Network Addon Mod, ndi amene anatenga sitima yoyenda m'mwamba n'kuitsitsira pansi, ndipo poyamba munthu umachita kuyala tizidutswa kamodzikamodzi, popeza gemuyo sinkalola kuwonjezera mtundu watsopano wa njira.

Kuti zimveke, tiyambe ndi mmene kompyuta imaonera msewu. Inu mumaona tala, ngalande ndi mizere yoyera. Kompyuta imaona mfundo ndi zidutswa: mfundo ndi pamene misewu yakumana kapena pamene msewu wathera, chidutswa ndi msewu wa pakati pa mfundo ziwiri. M'chidutswa chilichonse muli maleni, ndipo leni iliyonse ndi mzere wokhota wowerengedwa ndi masamu a Bézier, amene anatchuka ndi injiniya wa ku Renault, Pierre Bézier, pojambula matupi a magalimoto. Leni imakhala ndi chizindikiro chonena kuti muyenera kuyenda ndani, galimoto, njinga kapena munthu wapansi. Galimotoyo payokha ndi kadontho chabe kokhala ndi manambala awiri, leni yomwe kali ndi mtunda womwe kayenda m'leniyo. Chithunzi cha Corolla chomwe mumaona chija timangochiika pamwamba pa kadonthoko.

Kadontho sikavuta. Kakapeza lole yaima kutsogolo kamalowa leni ina. Msewu ukatha kamatembenuka pomwepo. Zikafika poipa, mdipiti utakaniratu kusuntha, gemu imangokafufuta mwakachetechete, wosewera osazindikira n'komwe. Cities: Skylines imachita zimenezi, n'chifukwa chake mod yotchuka ya Traffic Manager: President Edition ili ndi batani loletsa magalimoto kuzimiririka, la anthu ofuna kuona mdipiti weniweni wa mzinda wawo. Tiramu imakana zonse zitatu. Singapatuke, singatembenuke paliponse, ndipo chinthu chotalika mamita 37 chodzaza ndi anthu chikangosowa pamsewu aliyense amaona. Mamita 37 amenewa ndinatengera ya ku Tampere ija. Ku Budapest kuli ena opitirira mamita 50.

Thupi lakelo ndilo vuto loyamba. Njira yachidule ndi yakuti bogi iliyonse ikhale kadontho kake, kotsatira kanzake pambuyo. Pamsewu wowongoka zimaoneka bwino ndithu. Pakona ndiye manyazi: mabogi amalekana, kenaka n'kulowana, kenaka n'kulekananso. Chifukwa chake n'chakuti masamu a Bézier sayeza mtunda mofanana. Amayenda ndi nambala yochoka pa 0 kufika pa 1, koma nambalayo ikafika pa theka sizitanthauza kuti mwayenda theka la msewu, pena imathamanga, pena imakwawa. Mwamwayi Godot ili ndi Curve3D, yomwe imadula mzere wokhota m'timagawo ting'onoting'ono n'kusunga mtunda weniweni, ndiye umatha kuifunsa kuti pa mamita 12 kuchokera poyambira ndi pati, n'kukuyankha molondola. Koma ngakhale zitatero, bogi si kadontho. Ndi chitsulo chowongoka chokhala pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo, ndipo oyenera kukhala panjanji ndi mawilowo, osati pakati pa bogi. Ndiye pa fulemu iliyonse, kutanthauza nthawi iliyonse pamene chithunzi cha pasikirini chikujambulidwanso, ndimaika mawilo akutsogolo panjanji, kenaka n'kufufuza chakumbuyo malo a panjanji omwe atalikirana nawo ndendende ngati mmene mawilo atalikiranira pabogipo, poyeza mowongoka osati motsata kukhota. Bogi yachiwiri imayambira pamene yoyamba yathera, chimodzimodzi mpaka kumchira.

Ukatero umaona ndi maso chinthu chomwe mainjiniya a njanji amachidziwa kuyambira kale. Pakona, mimba ya bogi imadulira mkati pamene mphuno ndi mchira zimatulukira kunja. Mawilo akatalikirana mamita 10, pa kona ya radius (mtunda wochoka pakati pa bwalo kufika m'mphepete mwake) ya mamita 25, pakati pa bogi pamalowa mkati ndi theka la mita. Amene munaonapo munthu atanyamula matabwa aatali panjinga akukhota pamsika wa Kapata mukuzidziwa: iye wadutsa bwinobwino, koma nsonga ya thabwa yasesa tomato wa amayi ogulitsa m'mbali. M'gemu tomato ameneyo ndi mapolo a magetsi, mitengo, anthu oima pasiteji, komanso tiramu inzake yochokera kutsogolo. Ndachita kuuza code kuti pakona njanji zopita ndi zobwera zizitalikirana pang'ono kuposa pamsewu wowongoka, ndipo chilichonse choima m'mbali chizisunthira kunja. Kasinthidwe kooneka kakang'ono kameneka kakukhudza mulifupi mwa msewu, mulifupiwo n'kukhudza mapuloti, mapulotiwo n'kukhudza nyumba zomwe zinamangidwa kale.

Palinso ichi. Galimoto imakhala m'chidutswa chimodzi nthawi imodzi. Tiramu mutu umakhala m'chidutswa chachitatu mchira ukadali m'choyamba, ndiye iyenera kukumbukira komwe yadutsa, osati komwe ikupita kokha. Wosewera akagumula msewu womwe pakhala mchira, code imafunafuna chidutswa chomwe kulibenso, gemu n'kutsekeka. Pakali pano buludoza imakana kugwira ntchito pamene pali tiramu mpaka idutse.

Pamphambano ndi pamene pandisowetsa tulo. Mphambano ya misewu inayi ili ndi njira 12, popeza wochokera mbali iliyonse mwa zinayizo akhoza kupita mbali zitatu zotsalazo. Kwa magalimoto njira 12 zimenezi sizioneka, ndi mizere ya m'mutu mwa kompyuta, ikapindika moipa palibe amadziwa. Kwa tiramu njira iliyonse ndi zitsulo ziwiri zoti zijambulidwe pansi, zikumane bwinobwino ndi zinzake, ndipo pamwamba pake pakhale waya. Mphambano yoti tiramu yochokera kulikonse ipite kulikonse imatchedwa grand union, ndipo imafuna masiwichi 16 osinthira njanji. Ndi yodula kumanga ndi kusamalira, mwakuti padziko lonse n'zowerengeka; ina yotchuka ili pa Balaclava Junction ku Melbourne. Wosewera wanga akhoza kumanga khumi tiyi asanazizire, iliyonse yopendekera mmene iye wafunira. Cities: Skylines imalola misewu mpaka 8 pamfundo imodzi, zomwe zikutanthauza njira 56 ngati misewu yonseyo ili ndi njanji. Ine ndaika malire pa misewu inayi, wofuna zoposa apo andikhululukire.

Komanso galimoto yaing'ono imakhota pa radius ya mamita 5 kapena 6, pamene tiramu yamakono imafuna cha m'ma 20 kapena 25. Mphambano zambiri zomwe osewera amajambula n'zothina kuposa pamenepo. Wopanga gemu akhoza kunamiza maso, tiramu n'kumapindika pamalo pomwe yeniyeni ikanagwa panjanji, ndipo magemu ambiri amatero chifukwa osewera sakonda kukanizidwa. Ine sindinafune. Tiramu yokhota paliponse ndi basi yaitali chabe, nanga ndikuvutikiranji? Ndiye m'gemu yanga, ukamakoka njanji kudutsa pamphambano, makona omwe ndi otheka amaoneka obiriwira, osatheka amaoneka ofiira, ndipo ukaumirira pofiirapo mphambano imakula n'kudya mapuloti a m'makona. Umasankha wekha ngati ukufuna kugumula sitolo ya munthu kuti tiramu ikhote.

Mwana wa mlongo wanga, wa giredi 9, ndi amene amandiyesera gemu, chifukwa amamanga zinthu zomwe munthu wamkulu sangaziganize. Tsiku lina ndili kukhitchini ndinangomva, "Amalume, sitima yanu yafa." Kupita kukaona, tiramu yaima pamaloboti, nyale yobiriwira yayaka, kutsogolo kulibe kanthu, koma osasuntha. Nyale yasintha, yafiira, yabiriwiranso, ili chiimire, magalimoto ataunjikana kumbuyo kwake mpaka kutuluka pasikirini. Mnyamatayo anali atamanga mphambano ziwiri zotalikirana mamita 30 okha. M'code yanga muli lamulo lakuti galimoto isalowe pamphambano ngati kutsidya kulibe malo oti ikwane yonse, ndipo lamuloli lakhala likuteteza mizinda yanu ku midipiti kuyambira pachiyambi. Tiramu ya mamita 37 inkadikira malo a mamita 37 pamsewu wa mamita 30.

Ndinachotsa lamulolo kwa tiramu yokha kuti tione. Inanyamuka, inadutsa mphambano yoyamba, n'kukaima pa maloboti achiwiri mchira utatseka mphambano ya kumbuyo. Magalimoto ofuna kudutsa pamenepo anaima, mzere wawo unazungulira chigawo chonse n'kukatseka potulukira pa mphambano yachiwiri, pomwe tiramu inkafuna kudutsa. Aliyense akudikira mnzake. Ndinati, "Iwe, bwanji sunatalikitse misewuyi?" Iye osacheuka n'komwe, "Nanga amalume, kutauni si mmene ilili?" Ndipo akunena zoona, ku Down Shops timisewu tina n'toyandikana choncho.

Sitima zazikulu vutoli zinalithetsa kalekale: njanji imagawidwa m'zigawo, chigawo chimodzi sitima imodzi, inayo imadikira pa siginecha yofiira. Tiramu singatero chifukwa m'chigawo chakecho mulinso ma minibasi, njinga ndi anthu owoloka. Woyendetsa amayenda poona ndi maso ngati wa basi. Zomwe ndachita n'zapakatikati. Mphambano ziwiri zikayandikana kuposa kutalika kwa tiramu, code imazitenga ngati mphambano imodzi yaikulu. Tiramu imapempha zonse ziwiri nthawi imodzi, maloboti onse awiri n'kugwirizana, ndipo siinyamuka mpaka kutsidya kwa yachiwiriyo kutapezeka malo. Zikugwira pa mphambano ziwiri kapena zitatu. Zikakhala zisanu zondondozana, theka la tauni limaima kudikira tiramu imodzi, ndipo pamenepo ndikadaganizabe chochita.

Mabuleki nawo ali ndi zawo. Chitsulo pa chitsulo sichigwira ngati tayala pa tala, n'chifukwa chake matiramu enieni amanyamula mchenga wothira panjanji kukaterera. Ndi manambala omwe ndaika m'gemu, galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imaima bwinobwino pa mamita 32, tiramu imafuna mamita 80. Ndiye tiramu iyenera kuona patali, kudutsa zidutswa zingapo ndi mphambano zingapo kutsogolo kwake, ndipo kuona patali m'kompyuta ndi ntchito yowerengera yochuluka. Cities: Skylines yoyamba ili ndi malire a magalimoto 16,384 oyenda nthawi imodzi, ndipo ngolo iliyonse yokokedwa imawerengedwa ngati galimoto payokha. Laputopu yanga imayamba kulira fani tisanafike ngakhale pafupi ndi pamenepo. Ndachita kuti tiramu iziyang'ana patali mwa apo ndi apo, osati pa fulemu iliyonse, ndipo palibe amene waona kusiyana. Za zitunda sindichulutsa: m'gemu yanga njanji imakana kukwera kuposa mamita 8 pa mamita 100 aliwonse, ndiye misewu yokwera ku Kanjala idzakhalabe ya mabasi ndi miyendo.

Kenaka pali funso lomwe munthu saliganizira mpaka litamupeza. Tiramu ikafika kumapeto kwa njanji ibwerera bwanji? Mu gemu ya zamayendedwe ya OpenTTD, momwe matiramu analowa mu 2008, njanji ikangothera m'malere popanda kachidutswa kotembenukira, tiramu imafika pamapeto n'kuima pomwepo, zinzake n'kumaunjikana kumbuyo. Padziko pali njira ziwiri. Ku Toronto matiramu ali ndi mutu umodzi, ndiye kumapeto kwa njira amazungulira bwalo n'kubwerera. Ku Melbourne ali ndi mitu iwiri, woyendetsa amangonyamuka kupita kumapeto enawo, tiramu n'kuwolokera njanji yobwerera. Bwalo n'losavuta m'code chifukwa tiramu imangoyendabe kutsogolo, koma bwalo la radius ya mamita 25 ndi mamita 50 m'mimba mwake, nyumba zingapo za ku Kapata zimenezo. Ndasankha mitu iwiri. Mtengo wake ndi wakuti pamapetopo mchira umasanduka mutu, mndandanda wa zidutswa zomwe yadutsa umatembenuzidwa, bogi yomaliza imakhala yotsogolera, ndipo galimoto yomwe inali kumbuyo imapezeka yayang'anizana ndi tiramu maso ndi maso. N'chifukwa chake gemu ikulola siteji yomaliza pokhapokha pa njanji yopanda magalimoto.

Masiteji apakati nawo si a basi. Ife timayenda kumanzere, pamene maphunziro ambiri a pa YouTube amapangidwa ndi anthu oyenda kumanja, ndiye chilichonse chomwe ndatengera kumeneko ndimachita kuchitembenuza, zitseko ndi masiwichi omwe. Njanji zikakhala pakati pa msewu, wokwera ayenera kuwoloka leni ya magalimoto kuti aifikire tiramu. Ku Melbourne lamulo limati magalimoto aime kumbuyo kwa tiramu yomwe yaima n'kutsegula zitseko. Ine, podziwa mmene timayendetsera kuno, ndamanga kachilumba kokwererapo pakati pa msewu, kokhala ndi powolokera pake. Powolokerapo payenera kulumikizidwa ku njira za anthu apansi m'code. Popanda zimenezo anthu amaima m'mbali mwa msewu n'kumangoiyang'ana tiramu ikubwera ndi kupita.

Zonsezi zitayamba kuyenda, tiramu inkayenda yopanda anthu. Apa code inalibe vuto. Munthu aliyense m'gemu amasankha njira pogwiritsa ntchito A*, kawerengedwe ka mu 1968 kopezera njira yotsika mtengo, ndipo mtengowo ndi nthawi yoyenda pansi, nthawi yodikira, nthawi ya paulendo ndi ndalama yolipira. Wakabaza sadikiritsa munthu, ali pakona iliyonse, ndipo amakakutsitsa pakhomo penipeni. Paulendo waufupi ngati wochoka ku Kapata kupita kutauni, tiramu yofuna kuti uyende pansi kukafika pasiteji, udikire, utsike n'kuyendanso pansi, singapikisane naye. Anthu anga a m'kompyuta anawerengera bwinobwino n'kukwera njinga.

Ndikanatha kuwanyengerera. Nambala imodzi yokha yoti anthu azikonda tiramu mopanda chifukwa, mabogi n'kudzaza. Sindinatero, chifukwa ku Chipata yeniyeni zikanakhalanso chimodzimodzi, ndipo gemu yomwe akabaza amagonja mosavuta si ya kuno. Tiramu imapambana pokhapokha njira ikakhala yaitali, nyumba zikathithikana m'mbali mwake, ikakhala ndi leni yakeyake pamene magalimoto akukwawa, ndiponso ikamabwera pafupipafupi. Chomalizachi chili ndi vuto lakelake: tiramu imodzi ikachedwa imapeza anthu ambiri pasiteji, n'kuchedwa kwambiri, ya kumbuyo imapeza masiteji opanda anthu n'kuipeza inzakeyo, ndipo popeza singaipitirire zimayenda zitagundizana ziwiri, kenaka zitatu. Ndaika lamulo lakuti ya kumbuyo izidikira pasiteji mpaka mpata utakwanira. Chomwe chinasinthiratu zinthu ndi kulola munthu kuphatikiza maulendo, kukwera kabaza kuchoka kunyumba kukafika pasiteji, kenaka tiramu. Zinafuna kulumikiza njira za njinga, za pansi ndi za njanji kuti A* azizifufuza pamodzi, koma tsopano akabaza a m'gemu amadzisonkhanitsa okha pamasiteji a tiramu, popanda ine kuwauza.

Ponena za njinga, njanji ya tiramu ili ndi kangalande koloweramo mkombero wa wilo, ndipo m'mizinda yokhala ndi matiramu kangalande kameneka kamagwetsa okwera njinga tayala likalowamo. M'tauni ya njinga ngati yathu sindikanatha kuzinyalanyaza. Wanjinga wa m'gemu amachepetsa liwiro akamawoloka njanji, ndipo amapewa leni yomwe njanji ikuyenda motsatana naye ngati pali njira ina.

Mawaya a pamwamba ndi nkhani ya maso kwambiri. Waya ndi wowonda, ukautalikira umachepa kuposa kadontho kamodzi ka pasikirini, n'kumangophethiraphethira. Njanji nazo zikakhala pamlingo umodzi ndi tala, kompyuta imasokonezeka kuti ijambule chiti pamwamba, ndiye ndazikweza pang'ono pokha. Chofunika kwambiri ndi magetsi ake. Matiramu ambiri amayendera magetsi a mavolti 600 kapena 750, ochokera pa waya kudzera pa chimkono cha padenga. Pambuyo pa chilala cha 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo tonse tinaphunzira kuchajisa mafoni usiku pakati, munthu wa kuno angaseke gemu yomwe mzinda uli mumdima koma tiramu ikuyendabe. M'gemu yanga magetsi akachepa, chigawo cha njanji chimazima. Tiramu imayendabe ndi liwiro lomwe inali nalo, kuyesetsa kuti itulukemo pamphambano isanaime. Ikalephera, yatseka msewu mpaka magetsi atabwera, ndipo apo ndiye wosewera amayamba kuganiza zomanga malo a sola.

Zomwe zibwere m'gemu yotsatira ndi izi: njira imodzi ya tiramu yotsata Umodzi Highway, ya mitu iwiri, yokhala ndi depoti yake, ndi mphambano zokhotera mbali imodzi kapena ziwiri. Grand union idikire kaye. Njanji muziziwonjezera pamsewu womwe ulipo kale popanda kuugumula, ndipo mukakulitsa msewu njanjizo sizichoka. Izi zachititsa kuti ndisinthe mmene leni imasungidwira m'fayilo, ndiye mizinda yanu yakale idzatseguka, koma mphambano zake zidzawerengedwanso, ndipo pamene mwaika njanji nyumba zina za m'makona zikhoza kugwa. Sungani kope la mzinda wanu musanatsitse gemu yatsopanoyo. Tiramu ikakakamira penapake musagumule msewu, sevani pomwepo n'kunditumizira fayiloyo kuti ndione chomwe ikudikira, makamaka ngati mwamanga mphambano zambiri zoyandikana. Paraundabauti pokha musadutsitsepo njanji kaye, chifukwa pamenepo sindinapayambe n'komwe.